Mutu Wopanda Tirigu

"Ine sindiiwala kanthu, abale anga. Chisiyireni tirigu, mutu wangawu uli mbee ngati mbale yokwecha ndi mchenga. Mundiuze dzina lanu lero, mudzandipeze zaka khumi zikubwerazi, ndidzakubwezerani dzinalo pamodzi ndi mtundu wa malaya amene mwavalawo!"

Mawu amenewa ndinkawalankhula pamsika uliwonse umene miyendo yandifikitsa, nditakwera pa chitini cha penti kuti akumbuyo andione. Tsiku limene ndinawalankhula komaliza ndinali m'tauni ya njanji, pakati pa ogulitsa usipa ndi ometa tsitsi. Anthu ataseka n'kubalalika, panatsala mayi mmodzi wachitsikana atasenza ndowa ya pulasitiki yodzaza mandasi. Ndowayo inali yoonekera, mafuta akuyenderera m'kati mwake ngati thukuta la m'khwapa. Ndinatsina mphuno.

"Pitirirani, mayi, pano palibe wogula," ndinatero.

"Sindikugulitsa. Ngati n'zoona kuti simuiwala, ndiye kuti Mulungu wandimvera. Ndine Ndaziona, bambo, mwana wanu."

"Ndinakuzindikira ukadali uko ku usipa," ndinayankha msanga, chifukwa pa ntchito yanga wochedwa kuyankha amagona ndi njala. "Ndimangokuyesa."

Sanaseke. Anatula ndowa n'kugwada pafumbi pomwepo.

"Ndagula simenti, njerwa ndaumba, mmisiri ndamupeza. Ndikufuna kumanga chiliza pamanda a amayi. Kumudzi wa pamlatho ndinapitako, koma mitumbira ndi yambirimbiri, yopanda dzina, ndipo adzukulu okumba manda masiku ano ndi ana aja anabadwa dzana, sadziwa kanthu. Amayi aang'ono amene anandilera anatisiya. Mwatsala ndinu. Tiyeni mukandilozere pamene anagona amayi."

"Zimenezo zokha?" ndinatero ndikutsika pachitini. "Ngakhale utandimanga nsanza kumaso, ndikakulozera."

Kuti mumvetse kumene ndinatenga kudzikhulupirira kotereku, tibwerere m'mbuyo, ngakhale kuti zaka zanga sizinayende motsatana ngati za anthu ena. Zina zinadutsa kawiri, zina sizinafike n'komwe.

Kumudzi wa pamlatho tinali alendo tonse awiri, ine ndi Nasibeko, mkazi wanga. Tinatsikirapo basi itafa, basi inadzuka n'kupita, ife tinatsala. Nasibeko ankakazinga mandasi n'kumagulitsa pamlathopo, ine ntchito yanga inali kuseketsa ogula kuti asawerenge kuchepa kwa mandasiwo. Manja ake ankanunkhira yisiti ngakhale atasamba ndi sopo wa mtundu wanji. Chaka china anayamba kutsokomola, chifuwa chinamudya ngati chiswe, n'kumwalira Ndaziona asanadziwe kumanga nsalu.

Maliro ake ndinkawakumbukira chonchi. Kunali mvula yowaza. Manda anakumba pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinaima kumutu, chipewa m'manja, ndipo dothi loyamba ndinaponya ndine. Mwana anamutenga mng'ono wa malemu. Ine msewu unanditenga.

Ndinayenda mpaka tauni ina ya utsi, kumene ngakhale nkhuku zoyera zinali zotuwa. Polowera m'tauniyo panali mayi atakhala pambali pa ndowa ya mandasi.

"Achimwene, simugula?"

Ndinagula awiri, n'kudya ndikuyenda.

Kumeneko ndinalembedwa ntchito pa bekale ina ya kuseri kwa msika. Inu amene mumadya buledi mutavala taye, tsekani makutu. Makina okandira ufa anafa kalekale, ndiye tinkakanda ndi mapazi, amuna anayi m'chibafa cha simenti, mabuluku titapinda mpaka m'maondo. Mnzanga wina, Fulaisoni, anali ndi zikang'a zoti mungabisemo khobiri. Ankalowa m'chibafa mapazi ali bii, potuluka ali oyera ngati a khanda.

"Fulaisoni, sukasamba kaye?" ndinamufunsa tsiku loyamba.

"Ndisambe kawiri? Apa ndikusamba kale, mphwanga."

Thukuta linkatsika pachibwano n'kugwera mu ufa. Mwini bekale ankati n'chifukwa chake buledi wake safuna mchere wambiri. Anankafumbwe akatuluka m'thumba ankati ndi ndiwo zaulere. Mphemvu ikapsera m'sikono, tinkaikolowola ndi chikhadabo n'kumata bowolo ndi chala chonyowetsa malovu. Ndipo anthu ankaima pamzere, azimayi a zipewa zakutchalitchi, aphunzitsi, apolisi, onse kulimbirana buledi wa Fulaisoni.

Phunziro la m'tauni ya utsi linali lakuti chinthu chikatuluka mu uvuni chikununkhira, palibe amafunsa mapazi amene anachiponda.

Ifenso tinkadya zomwezo, m'mawa buledi, masana buledi, madzulo zinyenyeswa zake. Tulo tinkagona ta nkhuku, utsi wa nkhuni uli m'mphuno. Mutu wanga unayamba kulemera ngati wadzazidwa phala. Ndinkaiwala masikono mu uvuni mpaka kusanduka makala. Tsiku lina ndinaima pakati pa msewu nditanyamula thireyi, osadziwa ngati ndikupita kapena ndikubwerera. Anandichotsa ntchito.

Ndinadutsa midzi ingapo. Kwina ndinaphunzira kusoka matayala, kwina kusenda nsungwi, kwina ndinangophunzira kuti galu wa eni mudzi saseka nthabwala za mlendo. Kenako ndinafika m'tauni ya paphiri, ya mipanda italiitali ndi maluwa othirira. Polowera panali mayi ndi ndowa ya mandasi. Ndikanalumbira kuti ndi yemwe uja, koma nsalu yake inali ina.

"Achimwene, simugula?"

Ndinagula limodzi. Nditaluma, fungo la yisiti linandikwera m'mphuno, nthongoyo inakana kutsika. Ndinalavulira m'ngalande.

Paphiripo ndinakhala khukhi wa adona ena, mwana wa konkuno koma wokhalitsa kunja, wolankhula Chichewa ngati akuopa kuti chimuthimbiritsa m'kamwa. Tsiku loyamba anandiitanira ku sinki.

"Madala, m'nyumba muno simulowa tirigu. Buledi ayi, masikono ayi, mandasi ayi. Muli guluteni."

"Ameneyo ndiye ndani, adona? Mlendo?"

"Bwerani muone."

Anatenga ufa wa tirigu pang'ono umene ankasungira kuphunzitsira antchito, n'kuukanda, kenako anayamba kuutsuka pampopi. Madzi oyera ngati mkaka anapita, anapita, mpaka m'manja mwawo munatsala chinthu chotuwa, chonanda, chotamuka. Anachikoka, chinatalika osaduka, chili lende ngati mamina a mwana wa chimfine. Chinali ngati ulimbo umene tinkatchera nawo mbalame.

"Ameneyu ndiye guluteni. Mukadya buledi, madzi amapita, ichi chimatsala. Chimakamatira m'matumbo, utsi wake n'kukwera kumutu. N'chifukwa chake anthu amaiwalaiwala, maganizo ali ngati chifunga."

Ndinachiyang'ana chinthucho, ndinakumbukira zikang'a za Fulaisoni, ndinathamangira panja kukasanza pa maluwa a adona. Ndinawerenga m'mutu buledi yense amene ndinadya chibadwire, ndinaona ulimbo wodzaza wilibala utamata maganizo anga ngati timba pa nthambi. Kuyambira tsiku limenelo tirigu sanadutsenso pakhosi panga.

Adona ankadya zodula, zochokera m'mapaketi a zithunzi. Tsiku lina ndinatsegula paketi ina ya ufa umene ankaulemekeza kwambiri, ndinanunkhiza, ndinaseka mpaka kukhala pansi.

"Adona, uwutu ndi ufa wa chinangwa. Wa kondowole."

"Ayi madala, umenewo ndi wapadera, wabwera pa ndege."

"Ndiye kuti chinangwa chinakwera ndege ine ndisanakwere."

Ndinawauza kuti ngati kusadya tirigu kumanola mutu, ndiye kuti kumudzi kwathu kukanakhala mapulofesa okhaokha, chifukwa anthu akumeneko buledi amamuona pa Khirisimasi basi, chaka chonse ndi mbatata, chinangwa ndi maungu. Komabe alipo amalume anga ena amene anapita kumunda n'kuiwala khasu, anabwerera kukatenga khasu n'kuiwala kumunda. Adona sanaseke. Iwonso m'mawa uliwonse nyumba yonse inkagwedezeka kufunafuna makiyi a galimoto, makiyiwo ali m'manja mwawo.

Ndinkawaseka, koma ndinkakhulupirira, pakuti mutu wanga unayeradi. Patangotha miyezi iwiri ndinkadzuka maso ali gwa, ndikukumbukira mndandanda wonse wa zogula popanda pepala. Nditadwala malungo, ndinamuuza nkhaniyi dokotala wamng'ono wa pachipatala cha m'munsi mwa phiri, mnyamata wa magalasi wosathamanga polankhula.

"Alipodi anthu amene tirigu amawavulaza m'matumbo," anatero. "Amatsegula m'mimba, amaonda, mutu umachita chifunga, ndipo akasiya amapeza bwino. Inu m'mimba munkavutika?"

"Ine m'mimba mwanga mungagaye mwala, adokotala."

"Kubekale kuja munkagona maola angati?"

"Atatu, Mulungu akakomera mtima."

"Pano?"

"Mpaka tambala atatopa."

"Mukudya chiyani?"

"Zotsala za adona. Mazira, nsomba, mapapaya."

"Ndiye mwina si tirigu amene munasiya, madala. Mwina munasiya bekale."

Ndinamuthokoza mwaulemu, koma mumtima ndinati ana a sukulu awa amafuna chilichonse chikhale chovuta. Ine ulimbo ndinauona ndi maso angawa. Kugona tulo sungakuike pachikhatho n'kuonetsa anthu, koma ulimbo ungathe.

Phunziro la paphiri linali limenelo, ndipo linandipatsa ntchito yatsopano. Adona atabwerera kunja, ndinatenga chitini cha penti, beseni ndi kathumba ka ufa wa tirigu, n'kuyamba kuzungulira misika. Ndinkakanda ufa pamaso pa anthu, n'kuutsuka, n'kukoka ulimbo uja m'mwamba kuti aliyense auone. Azimayi ankalavula, ana ankathawa, amuna ankagwira pamimba. Kenako ndinkagulitsa timapaketi ta ufa wa chinangwa wosakaniza ndi wa mawere, n'kuutcha ufa wa nzeru.

Za kukumbukira mayina zinali zosavuta. Munthu akati, "Mwandikumbukira, madala?" ndinkati, "Iwe, ukadali moyo? Chifuwa chija chinatha?" Palibe munthu amene sanadwalepo chifuwa. Akakhala wonenepa ndinkati wanenepa, akakhala woonda ndinkati waonda, iye yekha n'kutchula dzina lake ndi la mudzi wake, anthu n'kuwomba m'manja.

Polowera msika uliwonse pankakhala mayi uja wa ndowa. Nthawi zina wamkulu, nthawi zina wachitsikana, nthawi zina wobereka mwana.

"Achimwene, simugula?"

Tsopano ndinkawoloka msewu, mphuno nditatsina. Fungo limenelo linkandipotokola m'mimba kuposa la chimbudzi cha pamsika, ndipo ndinkati n'chifukwa cha ulimbo.

Pofuna kuti anthu agwidwe mtima, ndinkamaliza ndi maliro a Nasibeko. "Zaka makumi awiri zapita, koma ndikuona ngati dzulo. Dzuwa linkaswa mtengo. Manda anakumba pansi pa msuku. Ine ndinaima kumiyendo, dothi loyamba ndinaponya ndine."

Pamsika wina wogulitsa mbewa anakweza dzanja. "Madala, chaka chatha munati kunali mvula."

"Inali mvula ya dzuwa, mphwanga, imene imagwa anyani akamakwatirana. Iwe uzidya mbewa zakozo, za mitu uzisiyire ife."

Anthu anaseka, iye anakhala pansi. Ndinapambana, monga mwa masiku onse.

Ndiye Ndaziona atabwera ndi pempho lake, ndinanyamuka naye mtima uli m'malo. Tinakwera minibasi, iye ndowa yake pamiyendo. Panjira anatsegula chivundikiro, fungo linadzaza galimoto yonse.

"Idyani limodzi, bambo. Amati ndimakazinga ngati amayi."

"Tseka, mwanawe. Ukudzimata ubongo wekha."

"Amayi ankadya, koma amati sankaiwala ngakhale tsiku limene nkhuku yayamba kuikira."

"Akanasiya tirigu akanakumbukira ndi dzina la tambala."

Anatseka ndowa. Dzanja lake linadutsa pafupi ndi nkhope yanga, likununkhira yisiti. Ndinatulutsa mutu pawindo.

"Amayi aang'ono sankakamba za tsiku la maliro," anatero patapita nthawi. "Ndikafunsa za inu, ankangolavula pansi."

"Anali ndi malovu ambiri mayi amene uja. Banja lonse la kwa amako linali lotero."

Tinafika pamlatho m'mawa mwake dzuwa litakwera pang'ono. Mlatho unali womwewo koma unafupika, kapena mtsinje ndiwo unaonda. Pamene Nasibeko ankakhala panali mayi wina ndi ndowa. Anandiyang'ana, koma sanandifunse ngati ndigula.

Mwambo unachitika monga uyenera. Eni mudzi anatilola, adzukulu anayi anatitsogolera kumanda ndi makasu ndi zikwanje, mmisiri akukankha wilibala ya simenti pambuyo. Azimayi angapo a m'mudzimo anaperekeza Ndaziona. Polowa m'nkhalango ya manda tinavula zipewa.

Mitumbira inali paliponse, ina yophwa, ina yomera udzu, yofanana ngati mizere ya mbatata. Mitengo ya mango inalipo itatu. Misuku inalipo yosawerengeka. M'mutu mwanga munali mbee, monga ndinkanenera, mbee ngati mbale yopanda kanthu. Koma anthu anali kundiyang'ana, ndipo ine anthu akandiyang'ana sindikhala chete.

Ndinayenda molunjika, osacheuka, mpaka pa mango wapakati. Ndinaloza ndi chibwano mtumbira wina wautali bwino.

"Apa. Ine ndinaima apo. Abusa anaima uko. Dothi loyamba ndinaponya ndi dzanja ili."

Ndaziona anagwada n'kuyamba kuzula udzu ndi manja, misozi ikugwera padothi. "Amayi, ndabwera," ankatero motsitsa. "Ndachedwa, koma ndabwera." Azimayi anayambitsa nyimbo. Mmisiri anakhoma zikhomo, anakoka chingwe, adzukulu anayamba kukumba ngalande ya maziko. Mmodzi anathira madzi pa simenti. Ine ndinapinda manja kumbuyo ngati kapitawo, ndikuuza mdzukulu wina kuti akasiya masikono adzakumbukira manda onse a m'nkhalangomo.

Nyimbo isanathe tinamva ndodo ikugogoda mizu. Anali nkhalamba yaifupi, diso limodzi loyera, m'dzanja lina atagwira sikono yolumidwa. Adzukulu anasiya makasu. Mmodzi anandinong'oneza kuti ndi a Chikadza, amene anali mkulu wa adzukulu kalekale, ndipo anangobwera dzulo lake kuchokera kwa mwana wawo kumene ankadwalira.

"Mukumanga pa ndani apa?" anafunsa akutafuna.

"Pa mayi anga, agogo. Nasibeko, wa mandasi pamlatho."

"Nasibeko?" Anameza. "Apa pagona Jailosi, wopha nkhumba uja. Ndinakumba ndekha, muzu uwu unandithyolera khasu. Nasibeko ali uko kumunsi, pafupi ndi chulu. Kulibe mango kumene kuja. Wakulozerani pano ndani?"

Maso onse anabwera kwa ine. Ndaziona anali chigwadire, udzu wa pamanda a Jailosi uli m'manja.

"Madala, ukalamba ndi matenda," ndinatero ndikuseka. "Onani chimene mwagwira m'manjacho. Tirigu ameneyo wakumatani mutu. Ine ndinalipo, ndinaponya dothi loyamba."

A Chikadza anayandikira mpaka fungo la sikono linandipeza. Anandiyang'ana ndi diso lamoyolo kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kubwereranso kumapazi.

"Ooo, ndinu! Wanthabwala wa pamlatho uja! Mwakalamba, koma pakamwa mpomwe paja." Anatembenukira kwa Ndaziona. "Mwanawe, dothi loyamba unaponya ndiwe, mayi ako aang'ono atakugwira dzanja, chifukwa mwini maliro panalibe. M'mawa wa tsiku loika, bokosi likadali m'nyumba, bambo akowa anati adzukulu sangakumbe ndi tiyi wopanda chotafunira. Anabwereka njinga ya mphwanga, ati akukatenga buledi kusitolo ya kutsidya. Njinga tinakaipeza pa siteji ya basi. Tiyi anazizira, tinawiritsanso, anaziziranso. Tinaika maliro dzuwa litapendeka."

Mmisiri anayamba kuzula zikhomo zake chimodzichimodzi. Simenti yonyowa ija inali itayamba kale kugwira m'wilibala. Ndaziona anatsegula manja, udzu unagwa, anadzuka osandiyang'ana n'kulunjika kuchulu.

A Chikadza analuma sikono yawo, n'kunditambasulira dzanja lopanda kanthu.

"Nanga buledi uja, achimwene, mwabwera naye?"